Funsani Alangizi: khonje ndi chipangala zalanda busa la ng'ombe

Makalata a mwezi uno ambiri akudandaula za tchire lomwe likudya malo odyetsera ziweto. Ndasankha anayi. Yoyambayo ndaiyankha motalikitsa chifukwa yandikumbutsa cholakwa changa chomwe.

Alangizi,

Ndili ndi ng'ombe 9 ndi timbuzi tochepa. Malemu bambo anga anandisiyira busa la maekala pafupifupi 6, ndipo m'malire mwake anabzalamo khonje kuti ng'ombe za eni zisamalowe. Lero khonje uja wachoka m'malire, wafika mpaka pakati. Pomwe khonje sanafike pali chipangala chothithikana, moti mwana wobusa amabwera madzulo miyendo ili magazi okhaokha. Chaka chatha ndinalemba aganyu, anadula zonse, tinatentha. Mvula itagwa zinaphukanso kuposa kale, ndalama n'kupita pachabe. Mwana wanga amene ali ku Joni akuti anditumizira ndalama ndigule mankhwala ndipopere busa lonse. Kodi nditani?

Mlimi wa ku Bwanje, Ntcheu

Bambo,

Pepani ndi ndalama zomwe zinalowa m'madzizo. Musadzione ngati ndinu nokha, chifukwa inenso ndinachitapo zomwezo, ndipo zanga zinali zochititsa manyazi kwambiri popeza ndinali mlangizi. Ndili mnyamata, nditangoyamba kumene ntchito, ndinalimbikitsa mudzi wina kuti tilambule busa lawo. Tinagwira masabata awiri mu Ogasiti ndi zikwanje, tinaunjika minga, tinayatsa. Malo anayera ngati bwalo la mpira ndipo ndinalemba lipoti lokoma. Pofika Febuluwale ndinabwerako panjinga. Pomwe panali chitsamba chimodzi panali mphukira khumi, zina zitatulukira mamita angapo kutali ndi chitsa, zobiriwira ngati nazale yosamalidwa bwino. Agogo ena aakazi amene ankapalira pafupi anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Alangizi, mwachimeta bwino, chakula tsitsi." Mpaka lero ndikamva wina akuti wadula chipangala, mawu amenewa amandibwerera.

Chomwe ndinaphunzira tsiku limenelo n'chakuti moyo wa zomera ziwirizi suli pa zomwe mukuziona. Uli pansi. Chikwanje chimangochotsa zapamwamba, ndipo kwa chipangala kudula kumakhala ngati kuchidzutsa kutulo.

Tiyambe ndi khonje, chifukwa ndiye wosavuta ngakhale amaoneka woopsa. Khonje si wa kuno. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo anafika kum'mawa kwa Africa mu 1893, Mjeremani wina dzina lake Richard Hindorf atabweretsa timbewu take ku dziko lomwe lero ndi Tanzania. Khonje amayenda m'njira ziwiri. Yoyamba ndi tiana tomwe timatuluka pansi mozungulira make. Yachiwiri ndi mlongoti uja umatuluka pakati khonje akakalamba. Amatulutsa mlongoti kamodzi kokha pa moyo wake, akatha zaka zingapo, kenako n'kufa. Koma asanafe, pamlongotipo pamabadwa tiana mazanamazana, kale tili ndi timasamba, ndipo tikagwa pansi ponyowa timagwira. Ndiye chinthu choyamba, ngakhale musanapeze ndalama ya ganyu: yendani busa lonse, mlongoti uliwonse womwe mwauona muudule tiana tisanayambe kugwa. Milongotiyo ikauma ndi yabwino pa denga la khola, simutaya kanthu.

Kenako kuzula. Musayambe ndi kukumba, mudzalasidwa m'maso. Yambani mwasadza masamba onse ndi chikwanje chakuthwa, kuyambira akunja kulowa mkati, mpaka patsale mutu wokha ngati chinanazi chachikulu. Mizu ya khonje ndi yambiri koma siipita pansi kwenikweni, choncho munthu wa piki kapena chitsulo chokumbira akazungulira mutuwo n'kuutekenya, umatuluka. Ntchitoyi imapepuka nthaka ikadali yofewa, cha mu Malichi kapena Epulo. Mu Okutobala mudzangothyola mipini. Aganyu anu avale malaya a manja aatali ndi majombo, chifukwa madzi a khonje amayabwa koopsa, ndipo munthu akapukuta nawo thukuta kumaso tsiku lake latha.

Mitu yozulayo musaiponye mumtsinje kapena kuisiya chogona panthaka. Khonje wozula akagona pa dothi lonyowa amagwiranso. Iunjikeni chadodolido, mizu kumwamba, pamwala kapena pa mulu wa minga, iume miyezi iwiri kapena itatu, kenako muitenthe. Mvula yotsatira mudzaona tiana tikutuluka pomwe panali make. Timeneti n'tongozula ndi khasu, mwana wasukulu akhoza kutha ekala Loweruka limodzi. Mukatisiya zaka ziwiri mwabwerera pomwe munayambira.

Pano ndikupempheni chinthu chimodzi. Khonje amene ali m'malire enieni, ndi amene ali m'mphepete mwa chigwembe ngati chilipo, musamuzule. Bambo anu sanalakwitse pomubzala. Amagwira dothi, amatchinga ng'ombe za eni, ndipo mumapezapo chingwe. Cholakwika chinali chakuti panalibe womudulira milongoti ndi kumuchotsera tiana.

Tsopano chipangala, mwini wake wa nkhani. Ichi n'chathu chomwe, sichinachokere kunja. Chimadziwika ndi maluwa ake olendewera, theka lofiirira theka lachikasu, ndi nyemba zopotana ngati zala zokwinyika. Minga yake imaboola ngakhale tayala la ngolo. Kuti muone kuti si chinthu chochiseweretsa: chinatengedwa kuchoka kuno ku Africa kupita ku Cuba, komwe amachitcha marabú, ndipo kumeneko chinalanda mahekitala opitirira 1 miliyoni a minda ndi mabusa. Mphamvu yake ili pa mizu yoyenda cham'mbali pansi pa nthaka. Mukadula thunthu, mizu ija imatulutsa mphukira paliponse pomwe yafika. Mukatentha, moto umadutsa pamwamba, mizu osaimva, ndipo njere zake zolimba zomwe zinali m'dothi zimapeza malo oyera opanda udzu wolimbana nazo. Ng'ombe zanu nazonso zimathandizira, chifukwa zimadya nyemba zija n'kukabzala njere ndi ndowe kwina.

Tizitsamba tating'ono, tomwe thunthu lake silinapose chala chachikulu, tizuleni ndi mizu yomwe nthaka ikadali yonyowa. Zikuluzikulu ndiye pamafunika mankhwala, koma osati momwe mwana wanu akunenera. Kupopera busa lonse ndi mankhwala ngati glyphosate, amene ambiri timangowatcha Roundup, kudzapha msipu womwe mukuufunawo, chipangala n'kungothothoka masamba kenako n'kuphukanso. Mudzakhala mwagula chipululu ndi ndalama za ku Joni.

Njira yomwe ndaiona ikugwira ntchito ndi yopaka pachitsa. Pamafunika anthu awiri oyenda limodzi. Woyamba adule thunthu pafupi ndi pansi, mopingasa bwino kuti mankhwala asatsetsereke. Wachiwiri akhale pambuyo pake penipeni ndi kachitini ndi burashi, apake pachitsapo nthawi yomweyo, makamaka m'mbali mozungulira pomwe khungwa limakumana ndi mtengo, chifukwa m'menemo ndi momwe mumadutsa chakudya chopita ku mizu. Mawu oti "nthawi yomweyo" ndikunenetsa. Chitsa chikakhala ngakhale theka la ola chimayamba kuuma pamwamba n'kutseka njira, ndipo mankhwala salowa. Kudula m'mawa n'kudzapaka mutadya nsima ndi kutaya mankhwala. Mankhwala oyenera mitengo ndi omwe ali ndi triclopyr, ena amagulitsidwa ndi dzina loti Garlon. Glyphosate wosasungunula kwambiri amagwiranso pa chitsa chatsopano. Kasakanizidwe kake tsatirani zomwe zalembedwa pabotolo, chifukwa mphamvu zake zimasiyana: ena amasakanizidwa ndi madzi, ena ndi dizilo. Muthiremo kautoto pang'ono kuti muzidziwa zitsa zomwe mwapaka kale, popeza pakatha ola limodzi zonse zimaoneka zofanana.

Nyengo yake ndi kumapeto kwa dzinja, chitsamba chikadali ndi masamba obiriwira, tsiku lopanda mvula. Nthawi imeneyo mtengo umakhala ukutsitsira chakudya ku mizu kukonzekera chilimwe, ndipo mankhwala amatsika nacho limodzi. Mu Ogasiti, chitayoyola masamba, chimakhala chili mtulo ndipo sichimwa kanthu.

Mugule m'sitolo yodziwika ya zaulimi, botolo lotseka, lokhala ndi chizindikiro chake. Mankhwala otere m'dziko muno amayenera kukhala ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, ndipo amene amagulitsidwa pamsika m'mabotolo a zakumwa sadziwika kuti muli chiyani. Wopakayo avale magolovesi a pulasitiki, asadye kapena kusuta ali pantchito, ndipo chitini chake chisadzalowenso kukhitchini. Mukaona pabotolo palembedwa picloram, samalani kwambiri. Ameneyu amakhalitsa m'nthaka, amayenda ndi madzi, ndipo amatha kudutsa m'mimba mwa ng'ombe n'kukapezeka mu manyowa. Manyowa otero mukathira pa tomato, nyemba kapena mtedza, mbewu zimapiringizika masamba. Pafupi ndi dambo kapena dimba ine sindimulangiza n'komwe.

Ngati ndalama ya mankhwala palibe, muli ndi antchito ena m'khola mwanumo. Mbuzi zimakonda mphukira zanthete za chipangala, minga isanalimbe. Mukadula kachigawo kamodzi n'kumangirira mbuzi pamenepo nthawi iliyonse mphukira zikafika m'bondo, mizu imatopa chifukwa ikungotulutsa osalandira kanthu. Njirayi ndi yochedwa, imatenga zaka, ndipo timbuzi tochepa sitingathe maekala 6. Pa kachigawo kakang'ono imatheka.

N'chifukwa chake ndikuti musalimbane ndi busa lonse chaka chimodzi. Tengani ekala imodzi, ndipo muyambire komwe tchire lili lochepa kupita komwe lathithikana. Anthu ambiri amayambira pakati pa nkhalango chifukwa m'pomwe pakuwapweteka mtima, mphamvu n'kuthera pomwepo, uku mbali yomwe inali yabwino ikudzaza mwakachetechete. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Chotsala ndi chomwe aganyu sangakuchitireni, ndipo mwina simuchikonda. Chipangala sichilowa pomwe udzu uli wamphamvu. Chimalowa pomwe ziweto zadya mpaka dothi kuonekera. Ng'ombe 9 ndi mbuzi pa maekala 6 chaka chonse, malo otentha ngati Bwanje, n'zambiri. Mukachotsa tchire n'kusiya dothi lili pambalambanda, chinachake chimera, ndipo sichidzakhala msipu. Ekala yomwe mwalambulayo muitchinge ndi minga yomwe mwadulayo, nyemba zake mutachotsa. Mvula yoyamba ikagwa bzalanimo kapinga, kapena fesani udzu wa Rhodes ngati mbewu yapezeka, ndipo m'munsi monyowa ikani nsenjere. Ziweto zisalowemo dzinja lonse lathunthu. M'chilimwe zithandizeni ndi mapesi ndi masangwi a mtedza kuti busa lipume. Nyemba za chipangala zomwe mwatola musataye: zisinjeni mumtondo mpaka njere zisweke, mupatse mbuzi. N'chakudya chabwino, ndipo njere yosweka simera. Mitengo yake ikuluikulu ndi nkhuni zokhalitsa pamoto, komanso mizati yake chiswe sichiilowa msanga.

Mwana wanuyo muuzeni kuti ndalamazo atumize ndithu, koma azigawe patatu, chaka chino, chamawa ndi chinacho. Botolo limodzi la mankhwala likamapakidwa ndi burashi limafika patali. Zambiri zidzapita kwa anthu obwereza kuzula.

Alangizi,

Ndili ndi ng'ombe ziwiri za mkaka. Udzu utachepa mwana anakadula zitsamba za m'mphepete mwa msewu, zija zimachita timaluwa tachikasu ndi tofiira, ndi tizipatso takuda tomwe ana amadya. Patatha masiku atatu ng'ombe imodzi yasiya kudya, ndipo pomwe pali ubweya woyera khungu latupa n'kuyamba kusupuka. Anzanga akuti ndi matsenga. Chitsambachi chadzazanso kumunda kwanga komwe ndimafuna kubzala nsenjere.

Mayi wa ku Thyolo

Mayi,

Musataye ndalama kwa asing'anga. Momwe mwafotokozeramu, chitsambacho ndi lantana, ndipo ng'ombe yanu yadya poizoni. Lantana anachokera ku America, anabwera ngati duwa la mpanda, mbalame n'kumwaza njere zake dziko lonse. Masamba ake amawononga chiwindi cha ng'ombe. Chiwindi chikalephera ntchito, m'magazi mumatsala zinthu zomwe zimachititsa kuti khungu lipse ndi dzuwa, n'chifukwa chake zilonda zikuoneka poyera pokha ndi pamphuno, pakuda ayi. Ng'ombe za mkaka za mawanga oyera ndi zomwe zimaonekera msanga. Tsegulani chikope chake ndi mlomo muone: mukapeza mwachita chikasu, ndiye chiwindicho. Kawirikawiri ndowe zimaumanso kapena kusiya kutuluka.

Kalata yanu yatenga masiku kuti indipeze, choncho ndikhulupirira mwaitana kale alangizi a ziweto a kwanuko. Ngati simunatero, pitani lero. Ng'ombeyo ikhale mumthunzi tsiku lonse, osatuluka padzuwa, ipatsidwe madzi ambiri ndi udzu wofewa, ndipo zilondazo zitetezedwe ku ntchentche. Ikathandizidwa msanga imatha kuchira, ikachedwa imafa. Ng'ombe zoyenda kubusa zomwe zinakulira pomwe pali lantana nthawi zambiri zimamulambalala. Yanu ili m'khola, imadya chomwe yapatsidwa. Mumutenge mwanayo mukamuonetse chitsambacho, afikise tsamba m'manja anunkhize. Fungo lake saliiwalanso. Ndipo tizipatso tija, makamaka tosapsa, ana asamadye.

Kumundako lantana ndi wofewa kuposa chipangala. Mizu yake ili pamwamba. Dulani nthambi kuti mufike patsinde, zulani chitsa ndi khasu nthaka ili yonyowa, muunjike ziume, mutenthe. Nthambi zaziwisi zikagona panthaka yonyowa zimamera mizu, choncho musazimwaze. Njere zomwe zili kale m'dothi zidzamera kwa zaka zingapo, koma mukabzala nsenjere mothithikana n'kumapalira, tomera tatsopanoto timasowa dzuwa. Mukasankha kupopera mankhwala, ziweto zisayandikire mpaka zitsambazo zitauma n'kuchotsedwa, chifukwa lantana wofota ziweto zimamudya mosavuta kuposa wamuwisi, pomwe poizoni wake akadali momwemo.

Alangizi,

Pabusa lathu pali mitengo ikuluikulu: misangu isanu, mlombwa umodzi, malaina ndi bulugama amene anabzala achimwene anga. Mwana wanga akuti tigwetse yonse, tiwotche makala, udzu upeze dzuwa. Ine mtima ukukana koma ndilibe pomuyankhira.

Gogo wa ku Salima

Agogo,

Mtima wanuwo ukunena zoona pa mitengo ina, mwana wanunso akunena zoona pa ina. Pitani naye pansi pa msangu mu Januwale, ayang'ane kumwamba. Adzapeza mulibe tsamba. Msangu umachita zosiyana ndi mitengo inzake: umayoyola masamba m'dzinja, n'kuvala m'chilimwe. Ndiye kuti nthawi yomwe udzu ukufuna dzuwa, msangu suutchinga, ndipo masamba ogwawo ndi manyowa. M'chilimwe, Salima atatentha, ng'ombe zimapeza mthunzi pomwepo, komanso nyemba zake zofiirira zimagwa nthawi yomwe msipu watha. Ng'ombe zimachita kuthamangira. Kugwetsa msangu kuti udzu umere kuli ngati kugulitsa nkhokwe kuti mugule thumba. Isanu yonseyo ikhale.

Mlombwa nawo usakhudzidwe. Umatenga zaka makumi ambiri kuti ufike pocheka matabwa, ndipo uli m'gulu la mitengo yachilengedwe yotetezedwa. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, sililola kuotcha makala popanda chiphaso. Mnyamatayo asadzapezeke m'manja mwa apolisi chifukwa cha matumba khumi. Asanagwetse mtengo wachilengedwe uliwonse ayambe wafika kwa amfumu ndi ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu.

Pa bulugama ndi malaina ndili kumbali yake. Pansi pa bulugama udzu sukondwa, ndipo akakhala pafupi ndi dambo amamwa madzi ambiri. Iyi ndi mitengo yobzala, mukhoza kuikolola, koma popeza anabzala ndi achimwene anu, mawu awo kapena a ana awo amveke kaye, kuti nkhani ya udzu isasanduke mlandu wa pabwalo. Mitengo iwiriyi ikadulidwa imaphukira pachitsa mwamphamvu. Ngati mukufuna mapolo ena mtsogolo, siyani mphukira ziwiri pa chitsa chilichonse. Ngati mukufuna ithe, pakani mankhwala pachitsa monga ndafotokozera bambo a ku Bwanje, kapena muzithyola mphukira zonse zikangotuluka, osaphonya, mpaka chitsa chitatopa.

Alangizi,

Mnzanga akuti chitsa chimafa msanga ukachiboola n'kuthiramo mchere kapena oyilo wakutha wa galimoto. Wina akuti kuyatsapo tayala. Zoona?

Mnyamata wa ku Mchinji

Achimwene,

Mchere wochuluka ukhoza kupha chitsa, koma umaphanso dothi lozungulira, ndiye udzu womwe mukuufunawo sumerapo. Komanso ng'ombe zikamva mchere zimakanyambita pamenepo mpaka kukumba dzenje. Oyilo wakutha ndi poizoni amene amatsikira m'madzi a pansi, ndipo mizu yakutali saifika. Tayala limakupatsani utsi woipa ndi mawaya otsalira paphulusa, omwe ng'ombe ikameza limodzi ndi udzu amakaibaya m'mimba. Ndinaonapo ng'ombe yonenepa bwino itafa choncho, ndipo titaing'amba tinapeza kawaya kotalika ngati chala katalowa mpaka ku mtima.

Chitsa chomwe chafa kale, chosaphukira, chisiyeni. Unjikanipo ndowe ndi dothi pang'ono, chiswe chimaliza chokha.